Kupopa ma airbag pa pikapu yonyamula katundu wa ku Marka

Achimwene, mwafunsa m'mene malonda odutsa malire a ku Marka amayendera, komanso kuchuluka kwa mpweya woti muzipopera mu ma airbag (timatumba ta mphira tothandiza masipuling'i) amene mwamangitsa kumbuyo kwa pikapu yanu, popeza amene anakumangirani anakuuzani kuti tsopano galimotoyo ikhoza kunyamula matumba 30. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa pa malonda athuwa ndalama zambiri zimathera pa galimoto, ndipo ambiri amene anasiya ntchitoyi anasiya galimoto itathyoka mpamba uli m'matumba.

Malondawo paokha ndi osavuta kufotokoza. Timadutsa pa chipata cha Marka kulowa ku Vila Nova da Fronteira ku Mozambique, kukapikula chimanga, nandolo kapena chitowe malinga ndi nyengo m'midzi ya m'boma la Mutarara, ndipo timadzagulitsa ku Nsanje, Bangula ndi Nchalo, kapena mtengo ukakhala wabwino timakwera nazo ku Limbe. Pobwerera sititsika opanda kanthu, timatenga sopo, mafuta ophikira, malata kapena simenti. Pa chipata mufunika pasipoti kapena border pass, chilolezo cholowetsera galimoto ku Mozambique kwa kanthawi, inshuwalansi ya kumeneko, ndiponso kulembetsa katundu kwa a MRA. Za ziphaso za mbewu muzifunsa nyengo iliyonse musanaoloke, chifukwa chaka cha njala boma la uko kapena la kuno limatha kuletsa kutulutsa chimanga.

Tsopano za matumba 30 aja, mawu amenewo muwataye. Ma airbag ntchito yake ndi kuthandiza masipuling'i kuti kumbuyo kwa galimoto kusagwe pansi ikasenza katundu, koma sawonjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa kulemera kumene opanga galimotoyo anailoleza, ndipo ngakhale makampani opanga ma airbag monga Air Lift ndi Firestone amalemba zimenezi m'mabuku awo. Kulemera kololedwako kunalembedwa pa kachitsulo kamene kamakhala pa mphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti. Pikapu imene timaitcha ya tani imodzi imanyamula makilogalamu pafupifupi 1,000, ndipo m'menemo muwerengeremo inuyo, wokuthandizani, tayala lapadera lachiwiri, zigubu za dizilo ndi zitsulo zimene munawotcherera kumbuyo. Mukachotsa zonsezo mutsala ndi malo a matumba 16 kapena 17 a makilogalamu 50. Apanso muchenjere, chifukwa matumba a kumidzi ya kutsidya amadzazidwa ndi ndowa mpaka kusokerera pamwamba, ndipo thumba lotere silikhala la makilogalamu 50. Gulani sikelo yokoleka. Idzakuthandizani pa mtengo, idzakuthandizaninso pa difu (chitsulo cholumikiza mawilo a kumbuyo), mabering'i ndi matayala, zimene mpweya wa mu airbag sungazipeputsire katundu.

Nambala imodzi ya mpweya yoyenera galimoto iliyonse kulibe, ndipo chimene chimakuuzani mlingo woyenera ndi tepi yoyezera. Imikani galimoto pamalo osalala ilibe katundu, ma airbag ali ndi mpweya wochepa chabe, ndipo muyeze kuchokera pakati pa wilo lakumbuyo kukafika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse ziwiri. Manambalawo muwalembe mkati mwa chitseko kuti asatayike. Tsiku lonyamula, yambani mwapopa pang'ono musanakweze katundu, kuti mphira usapindike pamene matumba akuponyedwa. Mukamaliza kupakira yezaninso, muone m'mene kumbuyo kwatsikira, kenako muzipopa pang'onopang'ono uku mukuyeza. Musafune kuti ibwerere pa nambala yeniyeni ya galimoto yopanda katundu. Pikapu inapangidwa kuti kumbuyo kuzikhala kokwererapo ikakhala yopanda kanthu, choncho ikangokhala yolingana kutsogolo ndi kumbuyo, kapena kumbuyo kutatsika ndi masentimita awiri kapena atatu poyerekeza ndi poyamba, siyirani pomwepo. Mukatero masipuling'i amakhala akusenzabe gawo lalikulu la katundu, ndipo ndi m'mene ziyenera kukhalira.

Malire ake ndi awa. Ma airbag ambiri omangidwa pakati pa chassis (chimango chachitsulo cha galimoto) ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza amafuna mpweya wosachepera 5 psi (muyezo wa mpweya pa geji) nthawi zonse, ngakhale galimoto ilibe katundu, ndipo salola kupitirira 100 psi, zomwe ndi pafupifupi 7 bar pa mageji a m'malo omwetsera mafuta. Aja olowetsedwa mkati mwa masipuling'i ozungulira malire awo ndi otsika kwambiri, ena amathera pa 35 psi, choncho onani kabuku ka anuwo. Ine pa yanga, itanyamula mlingo wake, kawirikawiri ndimathera pakati pa 30 ndi 50 psi. Ngati mwafika pa 70 kapena 80 galimoto ikadali yogwa kumbuyo, ndiye kuti katundu wachuluka kapena masipuling'i anatha kale, ndipo kupopa kowonjezera sikungakonze chilichonse mwa ziwirizi.

Airbag ndi yaing'ono poyerekeza ndi tayala, imadzaza msanga. Pa kompulesa ya okonza matayala pa Bangula, mnyamata akangokanikiza kwa masekondi ochepa mpweya umakhala utapitirira kale. Pampu ya njinga ndi imene ndimakonda, chifukwa imalowetsa mpweya mwa muyezo ndipo imapezeka m'mudzi uliwonse kutsidya. Mukhalenso ndi geji yanuyanu yowerenga bwino manambala aang'ono. Dziwani kuti nthawi iliyonse mukaika geji pa valavu mpweya wina umatuluka, komanso kuti nambala imakwera yokha katundu akakwera, chifukwa airbag yapanikizika. Nambala yoyenera kuisunga m'mutu ndi ya galimoto itapakira.

Funsani amene anakumangirani ngati mbali iliyonse ili ndi paipi ndi valavu yake. Amakaniko ena amalumikiza ma airbag onse awiri ku valavu imodzi kuti kupopa kusavute, koma zikatero galimoto ikapendekera pa khona mpweya umathawa mbali yolemedwa kupita mbali inayo, ndipo kupendekerako kumawonjezeka nthawi yomwe mumafuna kuti ikugwireni. Pa makhona a phiri la ku Thabwa, katundu ali wosanjikizidwa kupitirira denga, zimenezo ndi zoopsa. Mavalavu awiri amakupatsaninso mwayi wowonjezera pang'ono mbali imene yalemera, ngakhale kuti kusanja bwino matumba ndiye koyenera kuyamba.

Pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa ma airbag satchula kawirikawiri, ndipo ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri pa galimoto yanu. Choyamba ndi chassis. Masipuling'i amagawa kulemera pa malo awiri otalikirana, kutsogolo ndi kumbuyo kwa difu, pamene airbag imakankha pamalo amodzi pamwamba pa difu, pomwe opanga galimoto anangoikapo kamphira kotchinga kugunda. Mukapopa kwambiri, katundu wolemera ali kumbuyo kwa mawilo kapena chitseko cha kumbuyo chili chotsegula kuti matumba ena akhalepo, malo amodziwo amakhala ngati bondo pothyola nzimbe. Galimoto ikagwera m'dzenje ili pa liwiro, chassis imapindika pakati pa kabini ndi bodi. Ma double cab ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa gawo lalikulu la bodi yawo lili kumbuyo kwa difu. Misewu yafumbi ya kutsidya, ndi malo a mu M1 amene madzi anakokolola pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndi kumene zoterezi zimachitikira. Matumba olemera muziwasanja kuyambira ku kabini, ndipo mukalowa msewu woipa muchepetse liwiro m'malo mowonjezera mpweya.

Chachiwiri ndi mabuleki. Mapikapu ambiri akale opanda ABS (makina oletsa mawilo kukhukhuluzika pomanga mabuleki), kuphatikizapo ma Hilux amene adzaza m'chigwa muno, ali ndi kavalavu kumbuyo kolumikizidwa ku difu ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo kamazindikira kulemera kwa katundu poona m'mene kumbuyo kwatsikira. Galimoto ikatsika, kavalavuko kamapereka mphamvu yambiri ku mabuleki a kumbuyo. Inu mukaikweza ndi mpweya mpaka pa msinkhu wa galimoto yopanda kanthu, kavalavuko kamayesa kuti mulibe katundu, ndipo ntchito yambiri yoimitsa imagwera mabuleki a kutsogolo. Potsika kuchokera ku Blantyre kulunjika pa mlatho wa Kamuzu mutasenza simenti, mabuleki a kutsogolowo amatentha msanga. Ichi ndi chifukwa china chosiyira kumbuyo kutatsikako pang'ono, komanso chotsikira phirilo ndi giya yotsika, yoyendetsa galimoto pang'onopang'ono. Ngati yanu ili ndi kavalavuka, makaniko wodziwa akaone.

Kutentha kwa kwathu kuno kumakhudzanso nkhaniyi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Nsanje ndi Ngabu, mpweya umafutukuka ndipo geji imaonetsa nambala yokwererapo masana, choncho muziyeza m'mawa musananyamuke. Onetsetsani kuti airbag ndi mapaipi ake zatalikirana ndi ekizozi, ndipo ngati zayandikana pakhale kachitsulo kotchinga kutentha. Mukadutsa m'matope nthawi ya dzinja muzitsuka bwino, chifukwa mchenga ukauma m'mapindo a mphira umaudya pang'onopang'ono. Mukaona kuti mbali imodzi yatsika ndi 4 kapena 5 psi usiku umodzi, pakani thovu la sopo pa valavu ndi molumikizira mapaipi, malo otulutsa mpweya adzaonekera okha.

Mukatsitsa katundu ku Limbe kapena ku Nchalo, musaiwale kuphwetsa mpaka pa 5 kapena 10 psi. Pikapu yopanda kanthu ikayenda ndi mpweya wa katundu imadumphadumpha, matayala a kumbuyo sagwira bwino msewu, ndipo pa msewu wonyowa imatembenuka mosavuta. Mpweya wa matayala nawo muziusintha padera malinga ndi kapepala ka pa chitseko, ndipo matayalawo akhale olembedwa C kapena LT, omwe ndi a galimoto zonyamula katundu. Pa ulendo wanu woyamba nyamulani matumba 12 okha, muyeze ndi tepi pa Marka, muyezenso pa Bangula, ndipo manambala amene mupeze mundiuze tikaonana kuti tione ngati masipuling'i anu akadali ndi mphamvu.