Mafunso a owerenga: kugula m'kagolosale ka zakudya za organic

Timagolosale togulitsa ndiwo zolimidwa popanda feteleza wa m'sitolo ndi mankhwala (zotchedwa "organic"), uchi, chiponde, tchizi ndi khofi tikuchuluka m'madera a m'tauni. Akatswiri athu a zaulimi ndi a kasungidwe ka chakudya ayankha mafunso amene mwatitumizira.

Pafupi ndi kwathu atsegula kagolosale komwe pafupifupi chilichonse achilemba kuti "organic", ndipo mitengo ndi yokwera kuposa kumsika. Ndingadziwe bwanji kuti n'zoona? — Mayi wa ku Area 47, Lilongwe

Ndi maso okha simungadziwe, mayi. Tomato wa manyowa ndi tomato wa feteleza amaoneka chimodzimodzi, ndipo mabowo a mbozi pa repu si umboni, chifukwa mbozi zimabwereranso mankhwala akatha mphamvu.

Pa katundu wochokera kunja, yang'anani chizindikiro. Cha ku Ulaya ndi tsamba lopangidwa ndi nyenyezi zoyera pamalo obiriwira, ndipo pambali pake pamakhala nambala ya bungwe limene linayendera mlimiyo. Cha ku America ndi chozungulira cholembedwa USDA Organic, ku Britain chodziwika ndi cha Soil Association, pomwe kum'mawa kwa Africa kuli cha Kilimohai. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti munda ukhale zaka 2 osathiramo feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala oletsedwa, ndi zaka 3 pa mitengo ya zipatso, chizindikirocho chisanaperekedwe.

Alimi ang'onoang'ono ambiri kuno sangakwanitse kulipira oyendera minda amenewa ngakhale amalima bwino ndithu. Choncho pa ndiwo za konkuno funsani mwini golosale kuti dimba lili kuti, m'nthaka amathiramo chiyani, nanga nsabwe za m'masamba amathana nazo bwanji. Wodziwa alimi ake atchula mudzi, atchula kompositi, manyowa owolerana, madzi a masamba a nimu kapena phulusa. Wongoyankha kuti "zonse n'zachilengedwe basi" sakuyenera ndalama yowonjezerayo. Ndipo mukafika kunyumba tsukani masambawo ndi madzi oyera oyenda, popanda sopo, chifukwa manyowa osawolerana amasiya majeremusi otsegula m'mimba, makamaka pa letesi yemwe amadyedwa wosaphika.

Chiponde chomwe ndinagula chili ndi mafuta oyandama pamwamba, koma pansi n'chouma gwa. Chaonongeka? — Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

Sichinaonongeke, bambo. Mafakitale akuluakulu amathiramo mafuta olimbitsidwa kuti chiponde chisalekane, ndipo chopanda zimenezo mafuta a mtedza amakwera okha. Musawakhuthule, apo ayi chotsalacho sichipakika pa buledi. Vundulani ndi mpeni mpaka pansi pa botolo, kenako chiikeni mufiriji. Chikamanunkha ngati penti kapena kuwawa pakhosi, pamenepo chitayeni.

Chimene chimatidetsa nkhawa ife pa mtedza ndi chuku. Chukuchi chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa ya chiwindicho. Chimagwira mtedza umene unavutika ndi ng'amba m'munda, umene unasungidwa usanaume bwino, komanso umene anauwaza madzi kuti usavute kuswa. Kulima popanda feteleza sikuteteza ku zimenezi, kukazinga sikuthetsa poizoniyo, ndipo akalowa m'chiponde saoneka kapena kumveka pakamwa. Ku Ulaya salola kuti poizoniyu apitirire magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodya anthu. Gulani chiponde chimene chili ndi dzina la wopanga, tsiku lopangira ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo funsani ngati wopangayo amayezetsa mtedza wake. Botolo lokongola lopanda zonsezi tingalisiye pashelefu, makamaka ngati odya ake ndi ana. Mukagula mtedza wosasinja, sankhani n'kutaya wonyala, wosweka ndi wakuda.

Uchi wanga waundana ngati mchenga. Kodi anathiramo shuga? — Wowerenga wa ku Zomba

Kuundana si chinyengo. Uchi wosaphikidwa umaundana mwachibadwa, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Ikani botolo m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40 ndipo muzivundula mpaka usungunuke. Kuuwiritsa kumapha fungo lake, lomwe ndi limene munalipirira. Woyenera kuubweza ndi wochita thovu, wonunkha mowa, wa chivindikiro chotupa. Umenewo anaufula usanakhwime, madzi ake apitirira 20 peresenti ndipo wayamba kusasa. Mayeso a machesi kapena odontheza uchi m'kapu ya madzi sadalirika. Mwana wosakwana miyezi 12 musamupatse uchi wa mtundu uliwonse, chifukwa ungakhale ndi majeremusi amene matumbo a khanda sangalimbane nawo.

Ndimakonda tchizi cha m'kagolosale kathu, koma magetsi amazimazima. N'chabwino kugula? — Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu

Funsani ngati ali ndi jenereta kapena sola, ndipo yang'anani choyezera kuzizira pafiriji yawo: chizikhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi akazima, koma ya m'sitolo yotsegulidwa kawirikawiri siifika pamenepo. Paketi yotupa, madzi odikha m'kati, kapena nyama yowumitsidwa mufiriza yokhala ndi ayezi wambiri m'pepala zimasonyeza kuti zinasungunuka n'kuumanso.

Tchizi cholimba monga cheddar ndi parmesan chimapirira. Chikachita nkhungu pang'ono, dulani masentimita 2.5 kuzungulira malowo, chotsalacho idyani. Chofewa monga feta, ricotta kapena brie chikamera nkhungu yachilendo chitayeni chonse, chifukwa nkhunguyo imalowa m'kati mosaoneka. Amayi oyembekezera apewe chofewa chopangidwa ndi mkaka wosaphitsa, chifukwa cha kachilombo ka Listeria komwe kamatha kuchititsa padera. Tsiku la "use by" likadutsa musadye. La "best before" limakhudza kukoma kokha.

Kodi mchere wa pinki wa ku Himalaya ndi wabwino kuposa wathuwu? — Mayi wa ku Dedza

Ayi. Michere ina yomwe amaitamanda ilimo yochepa kwambiri moti thupi silipindulapo, ndipo nthawi zambiri mulibe ayodini. Kusowa ayodini kumabweretsa chithokomiro ndi kusokoneza kukula kwa ubongo wa mwana ali m'mimba. Wophikira ndiwo tsiku ndi tsiku ukhale wolembedwa kuti uli ndi ayodini.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndizigula chiyani kumeneko? — Wophunzira wa ku Lilongwe

Yambani ndi za konkuno, zomwe sizinayende ulendo wautali: khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Satemwa ku Thyolo, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, makadamia, ufa wa malambe, chidede ndi tsabola wa kambuzi. Poyerekeza mitengo, gawani mtengo ndi kulemera kwa paketi kuti mupeze mtengo wa magalamu 100, chifukwa timapaketi ta m'masitolo otere timakhala tosiyana kukula.

Gulani pang'onopang'ono. Katundu wa m'kagolosale amachedwa kutha pashelefu ndipo zambiri zilibe mankhwala osungira. Ufa wa mgaiwa, wa mawere ndi wa mapira uli ndi mafuta a mtima wa njere, choncho nyengo yotentha suchedwa kuwawa. Tengani wokwana mwezi umodzi, muuike mufiriza masiku 4 kuti anankafumbwe ndi mazira awo afe, kenako m'chigubu chotseka bwino. Khofi gulani wosagaya wolembedwa tsiku lokazingira, magalamu 250, mumalize pa mwezi. Muyezo wake ndi magalamu 60 pa lita ya madzi amene angophulidwa kumene. Mafuta a olive sankhani a m'botolo lakuda kapena m'chitini, la mamililita 500, osati limene lakhala pawindo padzuwa. Kunyumba asungeni m'kabati kutali ndi mbaula, ndipo muwamalize pasanathe miyezi 3 mutatsegula.