Sola ibwere pomaliza achemwali

Achemwali mwafunsa ngati kuika sola padenga la hositelo yatsopano ya pakoleji panu ndikokwanira kuti muzitha kunena kuti nyumbayo ndiyosamala chilengedwe. Ine ndikuti ayi ndithu. Sola ndi yabwino koma ibwere pomaliza, nkhani imayambira pa khoma.

Taonani za RICA, koleji ya zaulimi ija ili ku Bugesera ku Rwanda, inayamba kulandira ophunzira mu 2019. Anajambula mapulani ndi a MASS Design Group, omwewa anajambulanso chidikiro cha amayi oyembekezera pachipatala cha Kasungu, ndiye sizakutali ayi. Ku RICA kuja makoma ambiri ndi a dothi lapompo, ena ndi njerwa zosaotcha zopanikiza pamakina atathiramo kasimenti pang'ono, zija timati ma SSB, ena ndi mdindo weniweni, inde mdindo womwe uja timauseka kumudzi kuti ndi waumphawi, kungoti iwo anauyeza bwino dothi lake nkuukhazika pa maziko amiyala komanso denga analitulutsa kunja kwambiri kuti mvula isamamenye khoma. Matailosi apadenga anaotchera makoko a khofi osati nkhuni. Sola ilipo, yamphamvu ya mamegawati 1.5, koma inapeza nyumba zozizira kale.

Khoma ladothi lochindikala limamwa kutentha masana nkumatulutsa pang'onopang'ono usiku. Amene anagonapo mnyumba yamalata yopanda siling'i mu Okutobala akudziwa zomwe ndikunena, ine hositelo yomwe ndimagona ndili pasukulu mawindo ake anali mbali imodzi yokha, yakumadzulo, ikamakwana 3 masana chipinda ngati uvuni, kuwerenga timakawerengera pansi pa mtengo. Ndiye mukafunse ojambula mapulani anuwo, nyumbayi ikuyang'ana kuti? Mbali zazitali ziyang'ane kumpoto ndi kummwera, mawindo akhale mbali zonse ziwiri kuti mphepo izilowa uku nkutulukira uko, khonde likhale lalikulu, ndipo pamwamba pasiyidwe mpata wotulukira mpweya wotentha. Zikatere ngakhale magetsi azime ana awerengabe masana opanda fani kapena babu.

Za njerwa zootcha musayerekeze nkomwe. Mu 2018 kunabwera malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga m'Malawi, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga ngati masukulu, ndipo kunena zoona mauvuni atithera mitengo, mpaka mango akudulidwa mmidzimu.

Madzi a mvula nawo, denga la hositelo ndi lalikulu, ikani magata ndi mathanki, madziwo azigwira ntchito kuzimbudzi ndi kochapira. Koma chonde muikiretu pa bajeti munthu woti azikonza magatawo, akatsekeka ndi masamba madzi amatsikira pakhoma ndipo khoma ladothi silifuna zimenezo.

Mitengo yomwe ili pamalopo muiike chizindikiro kuti isadulidwe kontilakitala asanabwere ndi chimakina chake, makamaka ya mbali yakumadzulo.