Amayi ndi amalume ali ndi shuga, kodi nanenso ndingodikira tsiku langa?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa zaka 36 wa ku Zomba. Akuti amayi awo amamwa mankhwala a shuga, amalume anadulidwa mwendo ndi matenda omwewa, ndipo kumudzi akungoti ndi zakumtundu. Akufunsa kuti: "Ngati zili m'magazi, ndivutikirenji?"

Achemwali, akumudziwo sakunama. Shuga wa akuluakulu, amene kuchipatala amati type 2, amayendadi m'mtundu. Madokotala amayerekezera kuti kholo limodzi likakhala naye, pa ana 10 aliwonse pafupifupi 4 amadzadwala nthawi ina pamoyo wawo. Akakhala makolo onse awiri, amafika pafupifupi 7.

Chimene timatengera ndi majini. Sindikunena majini a mizimu amene amatchulidwa kunyanja ayi, koma timalangizo ta m'maselo totengera kwa bambo ndi mayi. Jini imodzi imene tingailoze chala kuti ndiyo ya shuga wa akuluakulu palibe. Pali timasinthidwe mazanamazana, kalikonse kongokankha pang'ono. Kotchuka kwambiri kali mu jini yotchedwa TCF7L2, ndipo anakatulukira mu 2006 akatswiri a kampani yofufuza za majini ya deCODE ku Iceland. Kamafooketsa kapamba kuti asamatulutse insulini yokwanira (chinthu chimene chimatsitsa shuga m'magazi) munthu akadya. Mukakatengera mbali imodzi, chiopsezo chimakwera pafupifupi 40 peresenti. Mukakatengera kuchimuna ndi kuchikazi komwe, chimakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Komabe alipo ambirimbiri okhala nako amene amakalamba mpaka kuyendera ndodo osadwalapo shuga.

Nkhani imene imandikhutiritsa ine ndi ya anthu a mtundu wa Pima. Ena amakhala ku Arizona m'dziko la America, ena m'mapiri a ku Mexico, koma ndi magazi amodzi. Kafukufuku wa mu 2006 anapeza kuti pa akuluakulu a ku Arizona, 38 peresenti anali ndi shuga, pamene abale awo a ku Mexico, olima ndi manja ndi kudya za kumunda, anali pafupifupi 7 peresenti basi. Mbewu ndi yomweyo, dothi ndiye losiyana. Ndikaiwerenga ndimaganiza za ife amene tinasiya khasu ndi mgaiwa, n'kumakhala pampando tsiku lonse, tiyi wa masupuni atatu m'mawa, chakumwa chotsekemera masana, n'kukwera kabaza ngakhale pamtunda woti n'kuyenda wapansi.

Mwina muti, nanga amene watengera kale kajini koipako? Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program pa anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anathandizidwa kuchepetsako thupi ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, matendawa anachepa ndi 58 peresenti. Atawayeza majini pambuyo pake, anaona kuti ngakhale a TCF7L2 yoopsa ija anapindula.

Za kulipira ndalama kuti akuyezeni majini, ine ndingati musataye makwacha anu. Zambiri zimene zikudziwika zinachokera pa azungu, ndipo sizilosera bwino pa ife a mu Africa. Mbiri ya banja lanu yakuuzani kale zambiri, ulere. Kusiyana kumakhalapo ngati m'banjamo agogo, kholo ndi mwana onse anadwala asanafike zaka 25. Pamenepo angakhale mtundu wosowa wotchedwa MODY, umene umabwera ndi jini imodzi, ndipo ndi bwino kumuuza dokotala.

Chimene ndikukupemphani ndi kukayezetsa, ngakhale muli ochepa thupi, pakuti kuno si onenepa okha amene amadwala shuga. Pitani m'mawa musanadye kanthu. Akapeza shuga wa m'magazi ali pa 7.0 mmol/L kapena kuposa, adzakubwerezani tsiku lina asanagamule. Ngati akuyezani ndi njira ya HbA1c, yoona mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi ingapo yapitayi, dziwani kuti majini amalowereranso pamenepo: kuperewera kwa G6PD (chinthu choteteza maselo ofiira a magazi), kofala kumadera a malungo ngati kwathu kuno, kumatsitsa nambalayo, shuga n'kubisala munthu akudwala. Choncho ludzu likamakuvutani, kukodza pafupipafupi usiku, koma HbA1c n'kumati zonse zili bwino, pemphani akuyezeninso musanadye. Ndipo popita, atengeni alongo anu, poti amalumewo ndi awonso.