Mafunso a Owerenga: Kodi Osewera Mpira wa M'mayunivesite ku America Amaphunziradi?

FUNSO: Akonzi, ndimakonda kuonera pa kanema mpira wa ku America, uja amasewera atavala zipewa zolimba kumutu. Ndinadabwa kumva kuti anyamata amene amadzazitsa mabwalo aakulu aja ndi ophunzira a pa yunivesite, ndiponso kuti ena amayamikiridwa chifukwa chothandiza anthu m'madera awo. Kodi amalowadi m'kalasi, kapena ndi ophunzira dzina lokha?

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Amalowadi m'kalasi, ndipo malamulo a bungwe la NCAA, lomwe limayang'anira masewera a m'mayunivesite ambiri kumeneko, amawakakamiza kutero. Wosewera amayenera kulembetsa maphunziro okwanira chaka chilichonse komanso kuonetsa kuti akuyandikira digiri yake, apo ayi amaletsedwa kusewera. Lamulo limanenanso kuti pa nyengo ya mpikisano timu isapitirire maola 20 pa sabata pa zokonzekera ndi masewera, ngakhale kuti maulendo ndi kulandira chithandizo akavulala zimadya nthawi ina yambiri imene siiwerengedwa. Kunena zoona, alipo ena amene amasankhidwira maphunziro opepuka kuti angokwaniritsa lamulo, ndipo zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa mwa osewera 100 alionse, amene amatengedwa ndi matimu a ligi yaikulu ya NFL safika awiri.

Nkhani imene ndimakonda kutchula ndi ya Myron Rolle, amene ankasewera kumbuyo m'timu ya Florida State University ndipo anamaliza digiri yake yoyamba m'zaka ziwiri ndi theka zokha. Pa 22 November 2008 anali ndi zinthu ziwiri tsiku limodzi. Masana anakaonekera pamaso pa oweruza ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, kupikisana nawo pa thandizo la maphunziro la Rhodes, lomwe limatumiza ophunzira ku yunivesite ya Oxford. Atauzidwa kuti wapambana, anakwera ndege kupita ku Maryland, komwe anzake anali atayamba kale kusewera, ndipo anavala yunifolomu n'kulowa m'bwalo chigawo choyamba chisanathe. Timu yake inapambana 37 kwa 3.

Adakali pa yunivesite, Rolle anakonzanso pulogalamu yophunzitsa ana a mtundu wa Seminole, womwe ndi umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, ku Florida za kadyedwe kabwino ndi masewera olimbitsa thupi, pofuna kuwateteza ku matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri. Iye anachedwetsa kulowa mu NFL ndi chaka chathunthu kuti akaphunzire ku Oxford, zomwe zinachititsa ena kukayikira ngati mtima wake unalidi pa mpira. Timu ya Tennessee Titans ya mu NFL inamutenga chakumapeto kwa chisankho cha osewera atsopano mu 2010, ndipo sanasewerepo masewera a mu ligi. Mu 2017 anamaliza maphunziro a udokotala n'kupita ku chipatala cha Massachusetts General ku Boston kukaphunzira opaleshoni ya ubongo.

Za kuyamikiridwa zimene mwamvazo n'zoona. Chikho cha William V. Campbell chimaperekedwa kwa wosewera wochita bwino pabwalo, m'kalasi ndi pa utsogoleri, pomwe chikho cha Wuerffel, chomwe chinayamba kuperekedwa mu 2005, chimayang'ana kwambiri ntchito zothandiza anthu. Tim Tebow wa ku University of Florida analandira zonse ziwiri, cha Wuerffel mu 2008 ndi cha Campbell mu 2009.