Kodi kuchuluka kwa anthu ndiko kwakweza mtengo wa unga?

FUNSO: Ndine mayi wa ana asanu ndi mmodzi, ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Chawama mu Lusaka. Mwana wanga wachisamba, amene akuphunzira za chuma kuyunivesite, anandiuza kuti unga ukudula chifukwa anthu tachuluka kuposa chakudya, ndipo anatchula mzungu wina dzina lake Malthus amene akuti ananeneratu zimenezi kalekale. Mawuwo anandilasa mtima, chifukwa ndinamva ngati akundiimba mlandu wobereka. Kodi akunena zoona?

YANKHO: Amayi, mwana wanu sanapeke dzinalo. Thomas Malthus anali mbusa wa mpingo wa Anglican ku England, ndipo mu 1798 analemba kuti anthu akamaberekana popanda chowaletsa amatha kuwirikiza kawiri zaka 25 zilizonse, monga 1, 2, 4, 8, 16, pamene chakudya chimangokwera mwakachetechete, monga 1, 2, 3, 4, 5, popeza munda sutambasuka ana akabadwa. Iye ankati mapeto ake njala, miliri ndi nkhondo zimabweza chiwerengero pansi, pokhapokha anthu atamachedwa kulowa m'banja.

Masamuwo ndi okopa, koma zimene zinachitika pambuyo pake sizinawatsatire. Pamene Malthus ankalemba, padziko lonse panali anthu pafupifupi 1 biliyoni, ndipo mu November 2022 tinafika 8 biliyoni, koma chakudya chinachuluka mofulumira kuposa anthuwo. Chimene mbusayo sanachione ndi chakuti munda womwewo ungathe kubereka kangapo kuposa kale. Fataleza wa urea amene alimi amathira chimanga chikafika m'mawondo anachokera pa ntchito ya Fritz Haber ndi Carl Bosch, akatswiri a ku Germany amene anapeza njira yotengera naitrojeni mumpweya zaka zoposa 100 zapitazo. Norman Borlaug, katswiri wa mbewu wa ku America, naye anakonza mbewu za tirigu zobereka kwambiri ku Mexico, zimene zinakasintha zokolola ku India ndi ku Pakistan, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1970. Mu 1965 mayi wina wa ku Denmark wodziwa za chuma, Ester Boserup, anaitembenuza nkhani yonse ponena kuti kupanikizika ndiko kumaphunzitsa anthu ulimi wabwino: malo akachepa, mlimi amasiya kugoneka munda, amayamba kuthira manyowa, kuthirira ndi kulima dimba m'chilimwe. Aliyense amene anakulira ku Katete kapena ku Chipata anaziona zimenezi ndi maso.

Tibwere kwathu kuno. N'zoona kuti tikuchuluka mofulumira, chifukwa kalembera wa 2010 anapeza anthu 13.1 miliyoni m'Zambia, ndipo wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Komabe njala imene inatikhaulitsa mu 2024 sinabwere ndi makanda. Mvula inadula chifukwa cha El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula, chimanga chinapserera m'minda chisanamasule, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni kufika pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo chaka chotsatira mvula itagwa bwino zinapitiriranso 3 miliyoni, anthu ali omwewo, mwinanso ochulukirapo. Ulimi wathu umadalira kwambiri mvula, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto lalikulu.

Palinso mfundo ya Amartya Sen, katswiri wa za chuma wa ku India, amene anafufuza njala ya ku Bengal ya mu 1943 n'kusonyeza kuti anthu amatha kufa ndi njala chakudya chili pamsika, chifukwa mitengo yawathawa. Inu amalonda mukuidziwa bwino mfundoyi kuposa ophunzira ambiri, chifukwa mumaona mayi akufunsa mtengo wa mulu wa tomato, n'kuubwezera pathebulo, kenaka n'kupita kukagula unga wa pamela, wa m'kathumba kakang'ono, wongokwanira nsima ya usiku umodzi.

Sindikufuna kumutsutsa mnyamatayo kotheratu, chifukwa mu Lusaka muli zinthu zimene kuchuluka kwa anthu kwazipitiriradi. Makomboni monga Kanyama ndi Chawama anakula mofulumira kuposa mipope ya madzi, ngalande ndi zimbudzi, ndipo kolera ya kumayambiriro kwa 2024, imene inachititsa kuti bwalo la masewera la National Heroes lisanduke chipatala, inatikumbutsa zimenezi mowawa. Makala amene amalowa mumzinda panjinga ndi pamalole tsiku ndi tsiku akudya nkhalango mofulumira kuposa mmene mitengo imaphukira, ndipo mtengo sungaufulumizitse ndi urea monga chimanga. Pakhomo napo masamu sanama: thumba la unga la makilogalamu 25 limatha msanga m'nyumba ya anthu asanu ndi atatu kusiyana ndi ya anthu anayi.

Chimene akatswiri aona m'mayiko ambiri n'chakuti mabanja amayamba okha kubereka ana ochepa pamene makanda asiya kumwalira kawirikawiri ndiponso atsikana akhalitsa pasukulu, ndipo sizitengera kunyoza makolo amene anabereka kale. Mwana wanu akadzabwera kutchuti, mumufunse ngati aphunzitsi ake afika kale pa Boserup ndi Sen, ndipo akufotokozereni chifukwa chake chimanga chinachuluka mu 2025 pamene azibale ake onse asanu akadali pakhomo.