Funsani Dokotala: Mwana wanga wayamba kuopa chipidigoli chomwe ankachita mosavuta

Funso: A Dokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 13 amachita masewera a jiminasitiki kusukulu kwawo kuno ku Blantyre. Anayamba ali wamng'ono, kupidiguka pamulu wa mchenga wa omanga nyumba kuseri kwathu, ndipo aphunzitsi atamuona anamutenga. Wapambanapo kangapo. Koma miyezi iwiri yapitayi, chipidigoli chobwerera chambuyo chomwe ankachita ngakhale atatsinzina chikumukanika. Amathamanga bwinobwino, koma akafika podumphira amangoima nji! Akuti akakhala m'mwamba sadziwa komwe kuli pansi. Kochi wake akuti ndi matama, ndipo tsiku lina anamukalipira pamaso pa anzake mpaka analira. Agogo ake akuti alipo ena amuchita chipongwe chifukwa cha nsanje. Mpikisano ukayandikira amatsegula m'mimba, sagona, ndipo nsima akungodya mbamu ziwiri zitatu, akuti akunenepa. Kodi ndimukakamize kapena ndimuletse? Mayi wodandaula, Chilomoni

Yankho: Mayi, musamukakamize, chonde. Mwana yemwe akunena kuti akakhala m'mwamba sadziwa komwe kuli pansi akukuuzani zoona, ndipo kumukankhira kuti adumphe ali choncho n'kuika khosi ndi msana wake pachiswe. Mwanayu sanalodzedwe, ndipo matama mulibemo.

Vutoli ochita masewerawa amalidziwa bwino, pa Chingelezi amalitchula kuti twisties. Mu Julaye 2021, pa masewera a Olympics ku Tokyo, linagwira Simone Biles wa ku America, mtsikana yemwe anali atatenga kale mamendulo anayi agolide ku Rio mu 2016. Anadumpha akufuna kuzungulira kawiri ndi theka, thupi linangozungulira kamodzi ndi theka, natera osadziwa kuti watera bwanji. Anasiya mpikisano wa tsikulo dziko lonse likuonerera, ambiri namunyoza kuti ndi wamantha. Anapuma pafupifupi zaka ziwiri, akuonana ndi katswiri wa za maganizo, ndipo mu 2024 ku Paris anatenga mamendulo atatu agolide ndi imodzi yasiliva. Nkhaniyi mumufotokozere mwana wanu, adziwe kuti zinagwerapo ngakhale katswiri woposa onse.

Chimachitika n'chiyani? Inu mukasenza ndowa yodzaza madzi kuchokera pakiyosiki, simuganiza za khosi kapena phazi. Mumayenda mukucheza ndi anzanu, madzi osatayika, chifukwa thupi linaloweza kalekale. Koma wina atakuuzani kuti mukangotaya dontho limodzi muona zakuda, mungayambe kuwerenga phazi lililonse, khosi n'kuuma gwa, madzi n'kuyamba kukhavukira pamapewa. Chipidigoli n'chimodzimodzi. Mwana akachibwereza kambirimbiri, ubongo umachisunga m'mbali yomwe imayendetsa thupi popanda kuganiza, mothandizana ndi maso komanso tiziwalo ta mkati mwa khutu tomwe timauza munthu ngati waima kapena wazondoka. Nkhawa ikachuluka, maganizo amalowerera ntchito yomwe si yawo, ndipo zomwe zinkayenda zokha zimasokonekera. Kuima nji kuja ndi thupi kudziteteza.

Palinso china chomwe makochi ambiri amaiwala. Pa zaka 13 mtsikana akukula. Msinkhu ukukwera, chiuno chikutambasuka, ndiye thupi lomwe linaphunzira kupidiguka chaka chatha si lomwe akudumpha nalo lero. Ubongo umafunika nthawi kuti ulizolowere.

Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo mwadala. Asiye kaye chipidigoli chovutacho kwa masabata angapo, azichita zomwe akuzitha mosakayika. Kenako ayambirenso ngati wophunzira watsopano: pamatiresi ofewa, kochi atamugwira kumsana, kachidutswa kamodzi pa nthawi. Akwere sitepe ina pokhapokha iye mwini atanena kuti wakonzeka. Ena zimawatengera masabata, ena miyezi. Kumuikira tsiku loti pofika mpikisano wakutiwakuti akhale atachira kumangowonjezera moto.

Kutsegula m'mimba ndi kusagona kuja n'zizindikiro za nkhawa yomweyo. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenalini, mtima umathamanga, manja amachita thukuta, matumbo amatakasuka. Muphunzitseni kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo asanagone komanso asanalowe m'bwalo. Akabwera kuchokera kumpikisano, funso loyamba lisakhale lakuti "Wakhala nambala chani?" Mulandireni chikwama, mumupatse madzi osamba ndi chakudya, adzayamba yekha kukamba.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mbamu ziwiri zitatu zija. Pa masewerawa atsikana ambiri amauzidwa kuti wochepa thupi ndiye amauluka bwino, ndipo bodza limeneli lawononga ana ambiri. Mwana yemwe akuchita masewera olimba maola angapo pa sabata koma akudya mopereweza, thupi lake limayamba kuzimitsa ntchito zina. Msambo umachedwa kuyamba kapena umaima, mafupa amafooka n'kumang'aluka popanda kugwa kwenikweni, amatopa msanga, amakwiya pachabe, ndipo ubongo wanjala umaopa kwambiri kuposa wokhuta. Mufunseni mofatsa, muli awiri, mwina mukutsuka mbale madzulo, kuti ndani anamuuza kuti akunenepa. Muzidyera limodzi. Nsima, nyemba, usipa, mazira, masamba otendera, nthochi, zonsezi akuzifuna, osati tiyi ndi kabanzi basi. Ngati anatha msinkhu koma wadumphitsa msambo miyezi itatu, ngati akutsika thupi, akubisa chakudya kapena akudzisanzitsa akatha kudya, musadikire kuti ziona zokha.

Ndikupemphani mupite naye kuchipatala ndithu, akamuyeze magazi, maso ndi makutu, chifukwa kuchepa kwa magazi, matenda a mkati mwa khutu kapena kugunda mutu pogwa zimabweretsanso chizungulire. Ku Gulupu, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kuli madokotala a ana komanso oona za maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga, ndipo agogo ake muwalongosolere zimenezi mwaulemu.

Kochiyo mukakumane naye panokha, mwana palibe. Mukamuuze kuti kukalipira mwana yemwe wagwidwa ndi mantha n'kuthira mchere pachilonda, ndipo mukapemphe kuti muzionerako maphunziro ake nthawi zina. Kochi wabwino sakana kholo. Mumufunsenso mwanayo ngati alipo wamkulu aliyense yemwe amamukhudza mosayenera kapena kumuopseza. Ku America, dokotala wa timu ya jiminasitiki ya dzikolo, Larry Nassar, anagamulidwa mu 2018 atachitira nkhanza zogonana atsikana ambirimbiri kwa zaka, ana akuopa kuyankhula kuti angachotsedwe mutimu. Sindikunena kuti ndi zomwe zikuchitika kwanu, koma mwana akasintha mwadzidzidzi funsoli limayenera kufunsidwa. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Ndipo akanena kuti masewerawa sakuwafunanso, mumumvere.

Funso: A Dokotala, ndili m'gulu la anyamata ochita zipidigoli m'maukwati ndi m'misonkhano. Ndisanayambe miyendo imanjenjemera. Anzanga akuti ndizimwako pang'ono kapena kusuta kuti mantha athe. Kodi zimathandiza? Mnyamata wa ku Ndirande

Yankho: Achimwene, ayi. Mowa ndi chamba zimaphimba mantha, koma zimagonetsanso mbali ya ubongo yomwe imayeza mtunda ndi nthawi yoterera. Mudzadzimva wolimba mtima pomwe thupi likuchedwa, ndipo pasimenti ya muholo kuchedwa pang'ono chabe n'kokwanira kuthyola khosi, munthu n'kufa ziwalo moyo wake wonse. Kunjenjemerako ndi adrenalini, ndipo kumachepa mukatenthetsa thupi. Fikani msanga, muone pansi ngati pali poterera, muthamange ndi kudziwongola kwa mphindi 10 kapena 15, mupume monga ndafotokozera pamwambapa, ndipo muyambe ndi chipidigoli chosavuta. Mnzanu yemwe wamwa musalole kuti akhale pansi pa mulu wa anthu kapena kuti akuwakheni.