Masters ya magetsi a dzuwa ndi mphepo: musanasankhe, werengani izi

Achimwene, mwanena kuti mwamaliza digiri yoyamba ya uinjiniya wa zamagetsi, ndipo mukufunsa ngati mupite ku masters ya renewable energy kapena ya sustainable engineering, komanso ngati mupite pompano kapena muyambe mwagwirako ntchito. Ndaona ena akuyankhani kuti zonse n'zabwino, mungopita kumene mwapeza malo. Ine ndikupemphani kuti musapupulume, chifukwa maphunziro awiriwa amatulutsa anthu osiyana, ndipo chaka chimodzi kapena ziwiri za moyo wanu n'zamtengo wapatali.

Sustainable engineering kawirikawiri imakhala yotambasuka. Mumakhudzako za madzi, za zinyalala, za kamangidwe ka nyumba zosadya magetsi ambiri, za malamulo oteteza chilengedwe, komanso kawerengedwe ka mpweya woipa umene chinthu chimatulutsa kuyambira pokumba miyala yake mpaka pochitaya. Za magetsi zimakhalamo, koma pang'ono. Imeneyi imamuyenera munthu wofuna kukalangiza makampani, kukonza ndondomeko za boma kapena kuyang'anira mapulojekiti. Renewable energy imalowa mozama m'makina enieni: mapanelo a sola, makina a mphepo, mabatire, ma inverter (zipangizo zosintha magetsi a mapanelo ndi mabatire kukhala a mtundu umene timagwiritsa ntchito m'nyumba), ndi kalumikizidwe ka zonsezi ku nthambo zikuluzikulu za magetsi, zimene timazitcha gridi. Inuyo muli kale ndi maziko a zamagetsi, ndiye maganizo anga ndi oti mukalowa yotambasukayo mudzataya mwayi umene anzanu ambiri alibe.

Chifukwa chake ndi ichi. Zaka 20 zapitazo vuto lalikulu linali mtengo wa panelo. Lero limenelo linachepa kwambiri. Bungwe la padziko lonse loona za renewable energy la IRENA linawerengera kuti pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wopangira magetsi m'minda ikuluikulu ya sola unatsika ndi pafupifupi 85 peresenti, ndipo wa makina a mphepo a pamtunda unatsika kupitirira theka. Kugula mapanelo ndi kuwamangirira sikulinso kovuta, amisiri odziwa bwino ntchitoyi achuluka. Chimene chikusowa anthu ndi kusunga gridi yonse ili chilili pamene magetsi ake ambiri akuchokera ku zinthu zimene sitingazilamule.

Taganizirani masana dzuwa likuswa mtengo, munda wa sola ukupereka mphamvu zake zonse, kenako mtambo waukulu n'kudutsa. M'mphindi zochepa magetsi otuluka pamenepo atha kutsika kupitirira theka, pamene mafakitale ndi zipatala zikukokabe monga kale. Gridi iyenera kukhala pa 50 Hz (nambala ya maulendo amene magetsi amapita uku ndi uku pa sekondi imodzi), kapena 60 Hz m'maiko ngati United States, ndipo opereka akachepa kuposa okoka, nambala imeneyi imayamba kugwa. Majenereta akale a madzi, malasha kapena gasi ali ndi zitsulo zolemera zimene zimazungulira, ndipo sizisiya kuzungulira nthawi yomweyo, ngati lole yodzaza katundu imene imapitabe ngakhale dalaivala wachotsa phazi pa mafuta. Masekondi ochepa amenewo ndi amene amapatsa makina ena mpata wodzuka. Panelo ya sola ilibe chozungulira chilichonse, imalankhula ndi gridi kudzera mu inverter basi. Choncho wina ayenera kuphunzitsa inverter ndi batire kuchita ntchito imene zitsulo zija zinkachita. Ku South Australia magetsi anazima m'chigawo chonse mu 2016 mphepo ya mkuntho itagwetsa nsanja za nthambo, ndipo mu 2017 anamangako batire yaikulu ya Hornsdale ya 100 MW, imene inatchuka chifukwa cha liwiro lake pothandiza gridi ikayamba kugwedezeka. Ntchito za mtundu umenewu zikufuna munthu ngati inu. Ndiye pa mndandanda wa maphunziro funani power systems (kayendetsedwe ka gridi), power electronics (zipangizo ngati ma inverter), kasungidwe ka magetsi m'mabatire ndi chitetezo cha gridi. Ngati palibe zimenezi, kapena zangoikidwa ngati phunziro limodzi losankha, pitirirani kwina ngakhale dzina la sukuluyo likhale lotchuka.

Pali njira ina yodziwira ngati pulogalamu ndi yozama: kodi imakuphunzitsani kuyeza, kapena kungokhulupirira zolembedwa pa chikwangwani? Panelo yolembedwa 400 W anaiyeza m'chipinda, pa kuwala kwa 1000 W pa sikweya mita, itazizira pa madigiri 25. Ikakhala padenga lotentha imatha kufika madigiri 60, ndipo digiri iliyonse yoonjezera imadya pakati pa 0.3 ndi 0.4 peresenti ya mphamvu yake. Musanawerengere fumbi, mthunzi ndi zotayika m'mawaya, mwataya kale kuposa 10 peresenti. Ku mphepo ndiye nkhani ndi yokulirapo. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu. Malo amene mphepo imathamanga mamita 7 pa sekondi ali ndi mphamvu yoposa ya malo a mamita 6 ndi pafupifupi 60 peresenti, ngakhale munthu woima pamenepo sangamve kusiyana kulikonse pa nkhope yake. N'chifukwa chake ofuna kumanga makina a mphepo amaimika mlongoti woyezera mphepo kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo banki isanabwereke ndalama. Ndipo makina ngakhale apangidwe bwino chotani sangatenge mphamvu yoposa 59.3 peresenti ya mphepo yodutsamo, malire amene amadziwika ndi dzina la Albert Betz. Pulogalamu yabwino imakupatsani manambala enieni ochokera pa malo, osokonekera, a mipata pamene choyezera chinafa, n'kukuuzani kuti mutulutsemo yankho limene mungaliteteze pamaso pa anthu.

Za kumene mungapite, nditchule ochepa amene mbiri yawo ndi yodziwika. Pa mphepo, mayunivesite a DTU ya ku Denmark ndi TU Delft ya ku Netherlands ali patsogolo. Yunivesite ya KTH ya ku Stockholm m'dziko la Sweden ili ndi masters ya sustainable energy engineering. Yunivesite ya Oldenburg ku Germany inayamba kuphunzitsa renewable energy kwa omaliza digiri yoyamba mu 1987, ndipo yaphunzitsa anthu ambiri ochokera m'maiko amene akutukuka kumene. Ku Britain kuli Loughborough ndi malo ake ofufuzira otchedwa CREST, komanso Imperial College ku London. Mu Africa muno musanyoze Stellenbosch ku South Africa, imene ndi yamphamvu pa za dzuwa, ndi PAUWES ku Tlemcen m'dziko la Algeria, sukulu ya African Union yoona za madzi ndi mphamvu. Ngati mtima wanu uli pa nthunzi yotentha ya pansi pa nthaka, yang'anani ku Iceland, kumene akhala akuphunzitsa akatswiri ochokera m'maiko ngati Kenya kuyambira 1979, ndipo zipatso zake zikuoneka ku Olkaria, malo opangira magetsi ndi nthunzi imeneyi ku Kenya.

Dziwaninso kuti masters ya ku Britain nthawi zambiri ndi ya chaka chimodzi, pamene ya maiko ambiri a ku Ulaya ndi ya zaka ziwiri. Ya chaka chimodzi imakubwezerani ku ntchito msanga, koma imathamanga, ndipo kafukufuku wake ndi wa miyezi itatu kapena inayi. Ya zaka ziwiri imakupatsani pafupifupi theka la chaka la kafukufuku, kawirikawiri pamodzi ndi kampani kapena malo ofufuzira. Ngati mukuganiza zodzapitiriza mpaka PhD, ine ndingasankhe ya zaka ziwiri. Kafukufuku ameneyu musamutenge ngati mwambo wongomalizira sukulu. Pofunsira ntchito ndi amene adzakufunseni, ndipo ndi chinthu chokhacho pa digiri yonse chimene chidzakhale chanuchanu.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ine ndikuti yambani mwagwirako ntchito, ngakhale zaka ziwiri. Choyamba, thandizo la maphunziro lodziwika bwino limafuna zimenezo. Chevening ya boma la Britain imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Thandizo la DAAD la ku Germany la maphunziro okhudza chitukuko nalonso limafuna zaka ziwiri za ntchito. Erasmus Mundus ndi Commonwealth ali ndi malamulo awoawo, muwawerenge nokha pa masamba awo chifukwa amasintha chaka ndi chaka. Koma chifukwa chachikulu si cha ndalama. Munthu amene anaimapo kutsogolo kwa inverter imene ikungozima yokha masana aliwonse, nayesa mawaya onse osapeza vuto, kenako n'kuzindikira kuti voteji ya gridi pamalopo ikukwera kupyola malire, amamva phunziro la m'kalasi mosiyana ndi amene sanagwirepo chipangizo. Amafika ku sukulu ali ndi mafunso ake, ndipo aphunzitsi amamuzindikira msanga. Kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira malo imalembekanso mosavuta mukakhala ndi vuto lenileni limene munakumana nalo. Makalata ongonena kuti "ndikufuna kupulumutsa dziko ku kusintha kwa nyengo" amawalandira ambirimbiri. Ntchitoyo isakhale ya sola yokha ayi. Kampani yogawa magetsi, fakitale, ngakhale kukonza ma transformer, zonsezi zimawerengedwa.

Pa nthawi yodikirayo musangokhala. Phunzirani kulemba mapulogalamu a pakompyuta ndi Python kapena MATLAB mpaka muzitha kutsuka ndi kusanthula manambala a chaka chonse. Yesani SAM, pulogalamu yaulere yowerengera zokolola za sola ndi mphepo, ndipo mukapeza mpata gwiraniponso mapulogalamu ena a mtundu umenewu, PVsyst ndi HOMER. Oyang'anira gridi ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera kayendedwe ka magetsi pa gridi yotchedwa PowerFactory, ndiye sukulu imene imaphunzitsa pulogalamu imeneyi kapena ina yofanana nayo muiike pamwamba. Bwerezaninso masamu anu, makamaka a control systems (kawongoleredwe ka makina), chifukwa ambiri amapunthwa pamenepo m'miyezi yoyambirira. Mayeso a Chingerezi a IELTS, amene sukulu zambiri zimafuna 6.5, muwakonzekere nthawi ikadalipo, ndipo kumbukirani kuti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Chinthu china chimene ife mainjiniya timachinyalanyaza, ndipo chimandipweteka mtima, ndi ndalama ndi anthu. Mapulojekiti ambiri amene amafa sakhala kuti masamu a magetsi analakwika. Amafa chifukwa mgwirizano wogulitsira magetsi sunasainidwe, chifukwa eni malo sanafunsidwe bwino, kapena chifukwa palibe amene anasunga ndalama yodzagulira mabatire atsopano akalewa akadzatopa. Gridi yaing'ono ya kumudzi imatha kuyaka bwino zaka zingapo, anthu n'kugula mafiriji ndi zigayo, kenako n'kuzima chifukwa cha mfundo yomalizayi. Ndiye ngakhale ndakulimbikitsani kuti mulowe mozama, tengani phunziro limodzi kapena awiri a zachuma cha magetsi. Mudziwe kuwerengera mtengo wa yuniti imodzi pa moyo wonse wa pulojekiti, ndi chifukwa chimene chiwongoladzanja chokwera chimapweteka sola ndi mphepo kuposa jenereta ya dizilo: ndalama zake pafupifupi zonse zimalipidwa poyambirira, dzuwa lisanapereke ngakhale yuniti imodzi. Apa ndi pamene sustainable engineering ili ndi mphamvu, ndipo ngati mutaona kuti mbali imeneyi ndi imene imakukokani kuposa mawaya, musachite manyazi kuisankha.

Musanatumize fomu iliyonse, tsegulani mndandanda wa maphunziro a pulogalamuyo, muwerenge phunziro lililonse ndi mitu ya kafukufuku ya amene anamaliza posachedwa. Muone ngati ali ndi labotale imene ophunzira a masters amaloledwa kugwiramo zipangizo. Kenako pezani awiri kapena atatu amene anaphunzira kumeneko pa LinkedIn, muwafunse kumene akugwira ntchito lero ndi zimene akanakonda kudziwa asanapite. Paja safunsa anadya phula. Ambiri amayankha mukawalembera mwaulemu ndi mwachidule.

Mukasankha mapulogalamu atatu kapena anayi, ikani mindandanda ya maphunziro awo pano, munenenso ngati mukukokera ku gridi, ku mphepo kapena ku sola, tidzaione limodzi.